Khungu Lolera M'mbale

Chipatala chinasiya kugoneka anthu opsa ndi moto. Ankangodula kakhungu kabwino, n'kukaika m'mbale yagalasi kuti abale akakalere kunyumba.

Nankhoma atapsa mkono, ntchitoyo inagwera mwamuna wake Malikebu, mmisiri wa matabwa. Namwino anamuuza kuti m'maselo a khungu muli timaulusi tomva kukokedwa, ndipo tikakokedwa bwino maselowo amaswana. Akakoka mwamphamvu khungulo ling'ambika, akalisiya silikula.

Malikebu anapachika sowo. M'mawa uliwonse ankasamba m'manja, n'kumakoka kakhunguko pang'onopang'ono.

"Bambo, nanga mipando ya eni ake?" anafunsa Nankhoma.

"Idikira, mayi."

Khungu linakula, namwino n'kulimata pamkonopo. Tsiku lina masana Nankhoma anakuwa ali pakhonde.

"Bambo, thamangani! Ntchentche yanditera pakhungu latsopanoli, ndipo ndaimva!"