Anamzeze M'nyumba ya Mapampu

Mayi Kuramochi, oyendera za chitetezo cha moto, anaima pakhomo la nyumba ya mapampu, maso ali pansi. Chitseko chachitsulo, choyenera kukhala chotseka kuti moto usadutse, munthu wina anali atachiikira kathabwa kuti chisatsekeke. Pamalo opangira magetsi a nyukiliya, umenewo ndi mlandu.

Ine, mmodzi wa ogwira ntchito m'nyumbamo, ndinapemphera chamumtima.

Namzeze anadutsa pamitu pathu n'kulowa. Mkatimo, m'chisa pamwamba pa paipi, tiana take tinayamba kulira.

"Ndine ndinaika, mayi," anatero Bambo Tokunaga, mkulu wa mapampuwo, atawerama kwambiri. "Mukatseka, tianati tifa ndi njala. Komanso paja amati nyumba ya anamzeze siipsa."

"Kwathu amateronso. Koma namzeze wanuyu chiphaso cha ozimitsa moto ali nacho?"

Tinaseka mwamantha. Mayiwo anazula kathabwa kaja n'kulemba cholakwacho, osachotsera kalikonse. Kenako anafunsa ngati pali amene wadyera nkhomaliro m'kapu ya pepala.

Ndinapereka yanga. Anaitsuka okha pampopi, naipukuta ndi mpango wawo.

"Ikani chisa umu, muimangirire kunja pansi pa denga. Kwerani, bambo, makwerero ndikugwirirani."

Bambo Tokunaga anatsitsa chisacho ndi tiana tomwe n'kuchiika m'kapumo, kenako anakwera panja paja atafukata kapuyo ngati dzira. Chitseko chinatsekeka, ife tinabwerera m'mbuyo.

Namzeze anazungulirazungulira, kenako anatera pamlomo pa kapu.

Mayi Kuramochi anaiweramira mbalameyo. "Pepani ndi msamukowu," anatero. "Tiyeni, bambo, mundionetse mapaipi."