Manda a mfumu m'chigwa

"Vulani nsapato, pano ndi popatulika," anatero wolondolera alendo atawaimitsa pa mulu wa miyala pafupi ndi mtsinje.

Onse anavula. Mkamwini, amene anabweretsa banja lonse kudzapitidwa mphepo m'chigwa chotetezedwachi, anagwada n'kuyamba kujambula. Apongozi ake aamuna okha anangoima, chipewa chili kumutu. Iwo anavomera ulendowu kuti adzaone komaliza pamene panali nyumba yawo, mudzi usanasamutsidwe kuti nyama zipeze malo.

"Pansi apa pagona mfumu yakalekale," anapitiriza wolondolera uja. "Taonani mmene mkuyuwu wanenepera. Ndi mizimu imeneyo."

"Mwanawe, anakuuza zimenezi ndani?" anafunsa mkuluyo.

"Zili m'buku, agogo. Ife tinachita kuphunzira."

"Bambo, musatichititse manyazi," ananong'ona mkamwini. "Mbiri ili ndi eni ake, si nkhani za kudimba izi."

Mkuluyo anayang'anitsitsa miyala ija ndipo anaizindikira. Dzenje la pamenepo anakumba yekha masiku anayi atangokwatira, mkazi wake atanenetsa kuti sakhala pakhomo popanda chimbudzi. Tsiku losamuka analitseka ndi miyalayo kuti wina asadzagweremo.

Anavula nsapato mosafulumira, ndi chipewa chomwe.

"Mwaona? Nawonso mizimu yawagwira," anatero mkamwini, uku akutapa dothi mobisa n'kumanga pakansalu kuti akaike pabalaza.

"Tapani lambiri, akamwini," anatero mkuluyo mofatsa. "Mfumu yake ndikuidziwa bwino. Inkabwera pano m'mawa uliwonse."