Mawu a Mayi Anathera mu Filiji

Panali munthu wina ku Kabwata, dzina lake Oswell Ng'andu, wopupuluma moti madzi akachedwa kuwira ankakalipira ketulo. Mayi ake asanamwalire, anawajambula mawu akutchula makolo awo a ku Luapula mmodzimmodzi. Zonse anazisunga mu kompyuta yakale ya patebulo, osakopera kwina kulikonse. Atakonza mwambo wovundukula mwala wa pamanda, analonjeza abale a ku Mansa kuti Loweruka adzamvanso mawu a malemuwo.

Lachiwiri anayatsa kompyutayo kuti akopere mawuwo. Getsi linayaka, fani inazungulira, koma sikirini inangokhala bii, ndipo m'kati munkamveka tiki, tiki, tiki. Anaimbira mlamu wake Josephine, mng'ono wa mkazi wake, amene amakonza makompyuta ku Chelstone, n'kumumvetsera phokosolo pafoni.

"Ba mulamu, zimyani manje manje," anatero Josephine. "Iyo ni hadi disiki ili kufa. Osaiyasha futi. Nili ku Kabwe, nizabwela pa Chisanu, vonse nizachosamo."

Oswell anavomera. Mphindi khumi zisanathe, anali ataiyatsanso kuti angoona ngati yasintha maganizo. Anazimitsa, n'kuyatsa. Anaimenya khofi pambali ngati wailesi yakale. Lachitatu anasintha zingwe, anapemerera fumbi, anazungulira nyumba, n'kubwereranso pa batani lomwelo. Mkazi wake Charlotte anamukumbutsa za Lachisanu, iye n'kumuuza kuti za makina azisiyire amuna.

Lachinayi, ali mu minibasi yopita m'tauni, anadandaula nkhaniyi mokweza. Bambo wina wovala tayi, amene Oswell sanamuonepo chibadwire, anamuuza kuti imeneyo ndi nkhani yaing'ono: achotse disikiyo, aiike mu filiji maola awiri, idzadzuka yokha. Oswell sanafunse n'komwe kuti bamboyo amagwira ntchito yanji. Tayi inamukwanira. Anatsika pa siteji yotsatira, n'kubwerera kunyumba kukailowetsa pakati pa nkhuku ndi soseji. Anaibwezera mu kompyuta ikuchita thukuta. Ataiyatsa, tiki tiki uja anasanduka kukwecha, kenako kunangoti zii.

Josephine anabwera Lachisanu monga ananenera, n'kufunsa kuti anaiyatsa kangati.

"Kabili chabe," anatero Oswell, maso ali pansi.

Charlotte anaulula kuti iye analeka kuwerenga zitadutsa makumi atatu, ndipo za filiji sanabise. Josephine anapita nayo disikiyo ku shopu yake, ndipo madzulo anaimba foni. Anafotokoza kuti m'katimo muli kambale kosungapo zinthu ndi kasingano kowerengera. Kasinganoko kanali katawonongeka, ndiye nthawi iliyonse Oswell akayatsa, kankapala kambaleko. Chinyezi cha mu filiji chinangomalizitsa.

"Sembe munaisiya pa Chibili, sembe bamayo tabamvela mailo," anatero, kutanthauza kuti akanaisiya Lachiwiri lija, mawu a mayi akanawamvera mawa lake. "Manje mulibe chilichonse."

Oswell anakhala pansi.

Loweruka abale anadzaza kumanda, ena atangotsika basi pa siteshoni ya Intercity m'mawa womwewo. Sipika yobwereka inali itaikidwa kale pampando. Oswell anaimirira n'kuulula mwamanyazi zimene anachita. Amalume ake, a Mulubwa, sanakalipe. Anati palibe kanthu, popeza iyeyo ndiye anajambula, angotchula yekha mayinawo kuti ana amve.

Oswell anatchula mayi ake. Anatchula agogo ake. Pamenepo anaima. Tsiku lojambula lija ankangoyang'ana wotchi, podziwa kuti adzamvetsera bwino tsiku lina. Anthu anadikira, ndipo iye anayamba kulira.

Phunziro: Kompyuta ikayaka koma osatsegula, makamaka ikamalira tiki tiki, izimitseni n'kudikira wodziwa ntchitoyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo tayi si satifiketi. Chinthu cha mtengo wapatali chikopereni malo awiri lero lomwe, ndipo makolo akamayankhula muzimvetsera ndi makutu anu. Tumizirani wachibale wanu wopupuluma uja, mukumudziwa.