Kalipentala Amene Anaopa Chilombo cha M'foni

Panali munthu wina, kalipentala wa manja abwino, amenenso anali mkulu wa mpingo. Amene anandiuza nkhaniyi ankapemphera naye limodzi, ndipo akuti inachitikadi.

Bamboyu anali ndi mkazi wodwala shuga ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi. Mwanayo ankagwira ntchito m'kakanyumba ka m'mbali mwa msewu, kutumizira ndi kutapitsa anthu ndalama za pafoni. Mankhwala a mayi ake ankagula ndi iyeyo.

Tsiku lina kushedi kwa kalipentala kunafika mlendo wa suti yoyera, akuti akufuna gome lolalikirirapo. Akukambirana, kasitomala wina analipira mpando kudzera pafoni. Mlendo uja anagwira pakamwa.

"Akulu, mwalandira zimenezo? Simudziwa kuti m'masiku otsiriza munthu sadzagula kapena kugulitsa popanda chizindikiro cha chilombo? Nambala yanu yachinsinsi mumaisunga kuti?"

"M'mutumu."

"Pamphumi pamenepo. Nanga foni mumaigwira ndi chiyani?"

Kalipentala anayang'ana dzanja lake lamanja. Mlendoyo anati iye ndi mneneri, watumidwa kudzachenjeza osankhidwa.

Kalipentala anathamangira kwa abusa ake. Abusa anamvetsera, kenaka anati, "Akulu, masiku otsiriza alikodi, koma chizindikiro chija chikunena za amene mtima wanu ukumugwadira. Foni ndi chida ngati sowo yanu. Munthu ameneyu mwamudziwa liti? Kwawo n'kuti?"

"Abusa, nanunso mwagona tulo," anayankha kalipentala, n'kutuluka osatsanzika.

Anasesa utuchi m'shedi, anayala matabwa, mneneri n'kuyamba mapemphero mmenemo. Anthu ambiri a mumpingo anatsatira, poti ankamukhulupirira mkulu wawo.

Kunyumba kunayaka moto. Kalipentala anamuitana mwana wake. "Sankha lero. Usiye ntchito ya chilomboyo kapena utuluke m'nyumba mwanga."

"Ababa, ndikasiya, mankhwala a amayi azigula ndani?"

"Mneneri awapempherera."

Mwanayo anakana. Bambo ake anaponya chikwama chake panja dzuwa likuswa mtengo, aneba akuonerera. Mkazi wake anagwada n'kumugwira mwendo. "Bambo a mwana, chonde, ameneyu ndi mmodzi yekha." Iye anangosasa mwendo ngati wagwidwa ndi galu.

Mwana uja anapeza kachipinda ka lendi, koma ankabwera mozemba kudzasiya mankhwala. Tsiku lina kalipentala anawapeza atabisidwa m'dengu la zovala. Anakawataya m'chimbudzi mkazi wake akuona.

"Ogulidwa ndi ndalama za chilombo? Kuli bwino ufe uli woyera." Kenaka kalipentala anamuopseza mwana wake kuti akadzapondanso pakhomopo adzamuthyola miyendo.

Pasanapite nthawi, mneneri analengeza tsiku la kumasulidwa. Aliyense abweretse foni ndi khadi la kubanki, ndipo amunong'oneze nambala yachinsinsi kuti aifufute pamphumi pake. Zonsezo akaziwotcha yekha kuphiri. Kwa kalipentala anapemphanso chiphaso chake cha unzika. "Inu ndinu mzati wa ntchitoyi. Dzina lanu liyambe kuchoka m'makina a chilombo."

Kalipentala ananyada. Thumba lotoleramo mafoni ndi makadi ananyamula yekha, kuzungulira nalo m'shedi monse. Mayi wina wamasiye anazengereza, akuti m'foni mwake muli fizi ya ana. Kalipentala anamutsomphola foniyo m'manja. "Mukapse chifukwa cha fizi?"

Mneneri anapita kuphiri ndi thumba lija. Sanabwerenso.

Anthu atayamba kukayika anapita kubanki ndi kwa otapitsa ndalama. Anapeza mopanda kanthu. Apolisi atafufuza anapeza kuti ndalama zonse zinadutsira pa nambala imodzi, yolembetsedwa ndi chiphaso cha kalipentala. Anthu omwe aja ankamuitana kuti akulu anamugwetsera mu utuchi, kumuponda, kugawana zida zake. Apolisi ndi amene anamulanditsa, n'kumuveka unyolo.

"Bwana, ine ndine munthu wa Mulungu!"

"Thumba ananyamula ndani?"

"Ine."

"Chiphasochi n'cha ndani?"

"Changa."

"Nanga mneneri wakoyo dzina lake ndani?"

Kalipentala sankalidziwa. Nthawi yonse ija ankangoti mneneri.

Kunyumba mkazi wake anatsala yekha, wopanda mankhwala, wopanda foni. Aneba anali ndi mkwiyo, panalibe wogogoda pakhomopo. Mwana uja atamva kuti bambo ake amangidwa anathamangira kunyumba, koma anafika mochedwa.

Patapita masiku mwanayo anapita kupolisi. Kalipentala atamuona anagwira zitsulo za chitolokosi ndi manja onse awiri. "Mwana wanga! Ndimadziwa kuti ubwera. Walankhula nawo abwanawa? Amayi ako ali bwanji?"

"Tinawaika dzulo."

Kalipentala anafunsa, "Anasiya mawu?"

"Akanawasiyira ndani? Ndinawapeza atagwa pafupi ndi chitseko, atazizira kale, nsapato imodzi kuphazi. M'manja anali atakumbatira jekete lanu. Ankabwera nalo kuno kuti musamve kuzizira."

Analowetsa jeketelo pakati pa zitsulo, n'kutembenuka. Bambo ake anamuitana mpaka mawu anasasa, koma iye sanacheuke. Mpaka lero kalipentala ali kundende, ndipo palibe amene amapita kukamuona. Mneneri uja akuti anaonekera kwina, atasintha suti.

Phunziro: Masiku otsiriza tiziwayembekezera ndi mtima wokonzeka, osati ndi mantha otichotsa nzeru. Mlendo akabwera ndi malemba pakamwa koma dzanja lili pa foni yanu, muthaweni. Nambala yachinsinsi ndi chiphaso musapatse munthu, ngakhale adzitche mneneri. Ndipo chikhulupiriro chimene chikukuuzani kutaya mwana ndi kumana wodwala mankhwala, dziwani kuti chilombo chalowa kale, osati m'foni koma mumtima. Tumizirani nkhaniyi abale anu ndi anzanu a kumpingo, thumba lisanafike kwa iwo.