Mafani Ofatsa

"Mafani awa amakankha mphepo yambiri pa rediyeta, koma amasokosa ngati chigayo," anatero wogulitsa zipangizo za kompyuta. "Awawa ndi ofatsa, simungawamve n'komwe."

"Ndipatseni ofatsawo," anayankha wojambula mavidiyo a maukwati. "Akazi anga akufunika kupuma."

Kompyuta yake inali yoziziritsidwa ndi madzi odutsa mu rediyeta, ndipo mafani ake anali atakalamba moti ankalira tsiku lonse. Mwamunayo ankagwirira ntchito m'chipinda chawo chimodzi chomwecho, chimene anachigawa pakati ndi katani. Kuseri kwa kataniyo n'kumene mkazi wake ankakhalira kugona chibwerereni kuchipatala, komwe anapita ali woyembekezera n'kubwerako chimanjamanja.

Mwamunayo atafika kunyumba n'kuyamba kumasula mafani akalewo, mkaziyo anasuzumira.

"Asiyeni omwewo, amuna anga. Ine sandisokoneza."

"Inu mumangopirira zilizonse. Kagoneni, muona kusintha."

Anamangirira atsopanowo n'kuyatsa kompyuta. Mafaniwo anazungulira bwinobwino, m'chipinda muli zii. Mwamunayo anamwetulira, n'kuyamba kukonza vidiyo ya ukwati wa eni ake.

Posakhalitsa anamva kaphokoso kachilendo, kapansipansi, kodukizadukiza. Anayandikiza khutu pa rediyeta poganiza kuti amugulitsa fani yakufa, koma onse ankayenda bwino. Kaphokosoko kankachokera kuseri kwa katani.

Anapatula kataniyo. Mkazi wake anali atayang'ana kukhoma, ataluma pilo, mapewa akugwedezeka.

"Mwayamba liti kulira chonchi?" anafunsa.

Mkaziyo sanatembenuke.

"Sindinasiyepo," anatero. "Kungoti lero mwandimva."