Nyale Yobiriwira ya pa Bokosi la Lazaro

Panali munthu wina ku Mufulira, dzina lake Kangwa, amene ankakonda kuseweretsa mawaya. Zonse zoyaka ndi zolira m'masewero a kutchalitchi kwawo ankapanga ndi iye, ndipo kutamandidwa kunali kutamulowa m'mutu.

Chaka china anakonza sewero la Lazaro. Kangwa anakhoma bokosi lotsekera kunja, n'kumata timipata tonse kuti lioneke ngati la maliro lenileni. Wogonamo anali mlamu wake Kasonde, bambo wonenepa wa nthabwala. M'kati anaikamo batani, kunja kanyale kobiriwira. Anapangana kuti nyale ikamayaka ndiye kuti Kasonde ali bwino, ikazima atsegule msanga.

A Sampa, omwe anapuma ntchito ya magetsi kumgodi, anadina batanilo kamodzi n'kupukusa mutu.

"Mwana wanga, batani ili ukadina limakhala pomwepo. Ika lija lobwerera lokha, loti munthu azigwirabe. Akakomoka chala chimachoka, nyale n'kuzima yokha."

"Bambo, izi si zakumgodi," anayankha Kangwa. "Alamuwa chala chitopa. Akafuna kutuluka angodinanso kamodzi, basi."

"Ine kugona ndimakutha, afunseni achemwali anu," anatero Kasonde. Onse anaseka kupatula a Sampa.

Tsikulo linali la mu Okutobala, masana, malata akuthetheka ndi dzuwa. Kasonde anakulungidwa nsalu, anadina batani, nyale inayaka, anamutsekera. Ndiye abusa anaona kuti anthu adzaza, n'kuyamba ulaliki umene sunali pa ndondomeko.

Patapita nthawi, nyale inaphethira. Kuzima, kuyaka. Kenako inaphethiranso kangapo mofulumira n'kukhazikika, yobiriwira bwinobwino. Bupe, mkazi wa Kasonde, anagwira mkono wa mchimwene wake Kangwa.

"Achimwene, nyale ija yatani?"

"Ndi kawaya kakugwedera. Sukuona ikuyaka?"

Kangwa naye anakayikira, osanama, koma kukatsegula bokosi pakati pa ulaliki, a Sampa akuona, anachita nazo manyazi. Anakhala pansi.

Nthawi inakwana. Wosewera Yesu anakweza mawu: "Lazaro, tuluka!" Anamasula chotsekera. Zii. Anaitananso, anthu n'kumaseka poganiza kuti ndi nthabwala za Kasonde. Kachitatu palibe anaseka.

Atatukula chivundikiro anamupeza Kasonde nsalu itanyowa ndi thukuta, pakamwa pali yasa, chala chili pa batani. Anamwalira asanafike naye kuchipatala.

Ndi a Sampa amene anafotokoza pamaliro, motsitsa mawu. Munthu wobanika sadina kamodzi. Kasonde ankadina mobwerezabwereza, kuzimitsa n'kuyatsanso, ndipo kudina kwake komaliza kunagwera poyatsa. Kuphethira kuja kunali kukuwa kwake.

Bupe sanamukalipire mchimwene wake. Anangomufunsa funso limodzi: "Paja munati ndi kawaya?"

Bokosilo analikokera kuseri kwa tchalitchi, ndipo palibe analimba mtima kuchotsamo batire. Odutsa ankayang'ana kumbali. Nyale ija inayakabe masiku anayi, ikuuza aliyense kuti Kasonde ali bwino.

Phunziro: Polumikiza batani limene moyo wa munthu ukudalira, muzikumbukira kuti pa ngozi munthuyo sadzatha kudina bwino. Mverani amene anaona zambiri, ndipo mtima ukakayikira tsegulani, manyazi sapha. Musaisunge nkhaniyi, itumizeni kwa onse okonda mawaya ndi a masewero a kutchalitchi kwanu.