Fupa Limamata Palilime

Orest analowa m'chipinda cha odwala kalata ili m'thumba la jekete. Lorna, mkazi wake, anali atatha thupi, maso ali chikasu, koma pakamwa pokha matenda anali atapalephera. Anamufunsa ngati wabwera ndi yankho, kapena wangobwera kudzamudyera chakudya cha m'chipatala monga mwa masiku onse.

Yankholo analidikira miyezi isanu. Zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, awiriwa anakumba pansi pa phompho lina kumwera kwa Alberta, pomwe alenje akale ankagwetsera njati. M'dothi la zaka 8,000 anapezamo tizidutswa ta mafupa, ndipo pakati pa mafupawo panali ndowe youma gwa. Orest anati ndi ya mmbulu umene unkabwera kudzakukuta zotsala za alenje.

Ndi chilimwe chomwecho pamene Orest anaphunzitsa Lorna nzeru ya okumba zakale: ukakayika ngati watola fupa kapena mwala, ika palilime. Fupa limamata, mwala sumata. Lorna ananyansidwa, nati sanapite kusukulu kuti azikanyambita dothi. Orest anamuseka mpaka analola. Mwini wakeyo anali ndi zilonda m'kamwa mwezi wonsewo, ndiye ntchito yolawa anaisiyira mkazi wake.

Ndowe ija inagona m'bokosi zaka khumi. Chaka chatha Lorna anaiviika, naisefa, naika dontho pansi pa galasi lokulitsa zinthu. Anaona timazira ta nyongolotsi za m'mimba, tambirimbiri, tathunthu ngati taikiridwa dzulo. Mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi anavina pakati pa mabokosi. Ankakhulupirira kuti apeza umboni wa matenda omwe ankazunza mimbulu ya makedzana. Anatumiza kachidutswa kwa akatswiri oyeza zaka ndi mtundu wa zinthu zofukulidwa.

Kenako Lorna anayamba kumva kulemera pansi pa nthiti. Madokotala anapeza chotupa chitayala mizu m'chiwindi chonse. Anati ndi khansa yachilendo, ndipo mpeni wa opaleshoni wachedwa. Dokotala wina anafunsa kawiri konse ngati amaweta galu. Sanawetepo, Lorna ankayetsemula akangoyandikira galu.

Tsopano chomwe Lorna ankafuna chinali chimodzi: amve zaka za ndowe yake asanatseke maso. Orest ankaopa kuti kalata idzapeza bedi lopanda munthu, ndipo lero mtima wake unali utakhala pansi.

"Tsegula, nkhalamba iwe," anatero Lorna. "Nthawi yoti uzipukuta magalasi ndilibe."

Orest anang'amba envulopu nayamba kuwerenga chamumtima. Pa mzere wachitatu, anaima.

Ndoweyo sinali ya mmbulu. Inali ya nkhandwe yomwe inakumba una wake m'dothi lakalelo chaka chomwe iwo ankafukula. Mazira aja anali amoyo nthawi imeneyo, ndipo anali a nyongolotsi yomwe ikalowera m'kamwa mwa munthu imakamera m'chiwindi mwakachetechete kwa zaka khumi.

Lorna anaona misozi ya mwamuna wake namwetulira.

"Lira ndithu, wasangalala," anatero. "Koma polemba lipoti usandibere ulemu wanga. Fupa lililonse la m'dzenje lija ndinalilawa ndine."